Ndimadzidzimuka 3 koloko m'bandakucha mtima ukugunda: chimatsegula ndi kutseka mahomoni a nkhawa n'chiyani?

"Adokotala, ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndili ndi zaka 41. Chaka chatha bambo a kunyumba anamwalira, anandisiyira ana atatu ndi ngongole ya katapila. Kuyambira pamenepo ndimadzidzimuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, mtima ukugunda ngati ndimathamanga, thukuta lili kamukamu, tulo osabweranso. Foni ikangolira manja amanjenjemera. Kuchipatala anandipeza ndi BP ya 150/95. Pa Facebook ndinawerenga kuti vuto ndi cortisol, ndipo pali ena akugulitsa mankhwala amene akuti amachotsa cortisol m'thupi. Mnzanga amandigawira timapiritsi ta diazepam, pomwe alamu anga akuti ndizimwa botolo limodzi la mowa ndisanagone. Ndikufuna ndimvetse: chimatsegula mahomoni amenewa m'mutu mwanga n'chiyani, nanga chimawatseka n'chiyani? Kodi ubongo wanga wawonongeka?"

Pepani kwambiri, mayi, ndi imfa ya bambo a kunyumba. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo, poti ndi limene likukusowetsani mtendere: zimene mwafotokozazi si zizindikiro za ubongo wowonongeka. Ubongo wanu waona zoopsa zenizeni, maliro ndi ngongole, ndiye wakhala tcheru nthawi yaitali osapuma. Zoterezi zimabwerera m'malo mwake zikasamalidwa. Koma njira zitatu zimene mwauzidwazo, ya pa Facebook, ya mnzanu ndi ya alamu anu, palibe imene ndingakulimbikitseni, ndipo mukamva mmene zinthuzi zimayendera m'thupi muona nokha chifukwa chake.

Thupi limayankha zoopsa m'njira ziwiri, yachangu ndi yochedwerapo, ndipo anthu ambiri amaziphatikiza. Kunjenjemera kumene kumakugwirani foni ikalira si kwa cortisol, iye sathamanga chotero. Ndi kwa adrenaline. Pamwamba pa impso iliyonse pamakhala kachiwalo kotchedwa adrenal, kokhala ngati kachipewa, kolemera magalamu 4 kapena 5 okha. M'katikati mwake mumafika mtsempha wochokera ku ubongo kudzera mumsana. Uthenga ukafika, nsonga ya mtsemphawo imalavula timadzi totchedwa acetylcholine, ndipo pa masekondi ochepa maselo a m'katimo amakhala atathira adrenaline m'magazi. Mtima umathamanga, m'kamwa mumauma, manja amazizira, chiwindi chimatulutsa shuga. Koma adrenaline sakhalitsa. Pakatha mphindi 2 kapena 3 theka lake limakhala litatha kale, n'chifukwa chake mantha odzidzimutsa amafika pachimake msanga kenako n'kuzilala okha, ngati maganizo sakuwasonkhezeranso.

Timadzi ngati acetylcholine ndi timene timatchedwa ma neurotransmitter. Maselo a ubongo sagundana. Pakati pa selo ndi linzake pamakhala kampata kosaoneka ndi maso. Selo loyamba limalavula timadzi m'kampatako, ndipo timadzito timakalowa pa malo ake olandirira pa selo lachiwiri monga kiyi alowera m'loko wake. Kiyi wina amauza selo kuti lidzuke, wina amaliuza kuti likhale chete. Homoni imasiyana ndi zimenezi chifukwa iyo imalowa m'magazi n'kuzungulira thupi lonse. Neurotransmitter ili ngati kunong'oneza mnansi pa mpanda, homoni ili ngati uthenga woulutsidwa pa wailesi. Funso lanu kwenikweni ndi lakuti: ndi manong'onong'o ati amene amafikitsa uthenga pa wailesi?

Pansi pa ubongo, kumbuyo kwa maso, pali kachigawo kotchedwa hypothalamus. M'menemo muli kagulu ka maselo kotchedwa PVN, ndipo maselo amenewa ndi amene amapanga homoni yoyamba, CRH. Akatswiri anaisakasaka kwa zaka zambiri mpaka 1981 pamene Wylie Vale ndi anzake ku Salk Institute, ku California, anaipeza atafufuza mu ubongo wa nkhosa zikwi mazanamazana. CRH siyenda ulendo wautali. Imatsika ndi timitsempha tamagazi tatifupi kukafika pa pituitary, kachiwalo kofanana kukula ndi njere ya nandolo, kolendewera pansi pa hypothalamus. Pituitary imatulutsa homoni yachiwiri, ACTH, ndipo iyi ndiyo imayenda m'magazi mpaka kukafika pa khungwa lakunja la adrenal lija. Kumeneko ndiye kumapangidwa cortisol. Thupi silisunga cortisol m'nkhokwe, limachita kumupanga kuchokera ku cholesterol uthenga ukafika, ndiye amachedwa: amafika pamwamba patatha mphindi 20 mpaka 30, ndipo theka lake limatha pakapita ola kapena ola ndi theka.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ogulitsa mankhwala aja amamunenera zoipa zokhazokha cortisol. Homoni imeneyi ndi imene imasunga shuga m'magazi mukakhala ndi njala, imagwira BP kuti isagwe, ndipo imaletsa chitetezo cha thupi kupsa mtima mopitirira pa nthawi ya matenda. Munthu amene ma adrenal ake afa, malungo wamba kapena kutsekula m'mimba kungathe kumupha. Dokotala wina, Thomas Addison, anafotokoza odwala otere ku London mu 1855, ndipo ambiri mwa iwo chinawadyera tiziwaloti ndi chifuwa chachikulu. Kuno kwathu TB ikadali pakati pa zifukwa zazikulu za matenda amenewa. Choncho cortisol si chinthu chochotsa m'thupi. Chofunika n'chakuti azikwera pa nthawi yake ndi kutsika pa nthawi yake.

Tsopano pachimake pa nkhaniyi. Anthu amaganiza kuti maselo a CRH amakhala ali m'tulo, kudikira kuti zoopsa ziwadzutse. Zoona zake n'zakuti amakhala atagwiridwa. Taganizirani wakabaza akutsika chitunda atasenza matumba awiri a chimanga. Sachita kupalasa kuti njinga ithamange. Akangolekerera mabuleki pang'ono, yapita. Mabuleki a maselo a CRH ndi neurotransmitter yotchedwa GABA. Maselo opanga GABA anazinga PVN mbali zonse, ndipo pafupifupi theka la nsonga za mitsempha zimene zimafika pa selo la CRH ndi za GABA. Usana ndi usiku zimangonong'oneza kuti khala chete, khala chete. GABA akalowa m'loko wake, amatsegula kabowo kolowetsa mchere wa chloride m'selo, ndipo selolo limavuta kuyaka. Chopalasa ndi glutamate, neurotransmitter imene imadzutsa maselo ambiri a ubongo.

Nanga foni ikalira chimachitika n'chiyani? M'kati mwa ubongo, cha kufupi ndi makutu, muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuloweza zinthu zimene zinabwera limodzi ndi zoopsa. Ngati uthenga wa maliro unafika pa foni, ndipo wakatapila amaimbanso pa foni yomweyo, amygdala inalemba kale kuti kulira kwa foni ndi ngozi. Chodabwitsa n'chakuti amygdala sikankha maselo a CRH mwachindunji kwenikweni. Imatumiza GABA wakewake kukatontholetsa maselo a GABA aja ozinga PVN. Ndiye kuti imagwira dzanja limene lagwira mabuleki n'kulichotsa. Zimenezi zimachitika musanaone n'komwe amene akuimba.

Pali zigawo ziwiri zimene zimabwezera dzanjalo pa mabuleki. China ndi hippocampus, chosunga chikumbukiro cha malo ndi nthawi. China ndi ubongo wa pachipumi, umene umaganiza ndi kuyeza zinthu. Izi ndi zimene zimati: taona, akuimba ndi achemwali, si wangongole. Zimatumiza glutamate kukadzutsa maselo a GABA, iwo n'kugwiranso mabuleki. Muone apa kuti neurotransmitter siikhala yabwino kapena yoipa payokha. Glutamate yemweyo akagwera pa selo la CRH amakweza cortisol, akagwera pa selo la GABA amamutsitsa. Nkhani ili pa loko amene kiyi walowamo. Aliyense wokugulitsani botolo loti limawonjezera neurotransmitter yakutiyakuti, mfundo imeneyi waiphonya.

Noradrenaline, neurotransmitter ina imene ndi mbale wa adrenaline, ali ndi njira yakeyake. Ku tsinde la ubongo, pamene ubongo ukulumikizana ndi msana, kuli maselo amene amalandira malipoti a m'thupi: magazi atayika, shuga watsika, malungo alowa, penapake pakupweteka. Maselo amenewa sadikira maganizo anu. Amalavula noradrenaline molunjika pa PVN, ndipo CRH imatuluka. N'chifukwa chake mphunzitsi amene walowa m'kalasi m'mimba muli pululu, atangomwa tiyi wowawa, angamve ngati ali ndi mantha cha m'ma 10 koloko popanda chomuopsa. Ku tsinde komweko kulinso kagulu kena kotchedwa locus coeruleus, kamene kamamwaza noradrenaline mu ubongo wonse kuti munthu akhale maso. CRH imakadzutsa kaguluka, ndipo noradrenaline wake amakanoletsa amygdala. Ziwirizi zikayamba kusonkhezerana, munthu amangokhala khutu lili tcheru, chitseko chikagunda wadzidzimuka, tulo tosagwira.

Serotonin, amenenso ndi neurotransmitter, ndi amene anthu amamumva molakwika koposa. Amachokera ku maselo a pakati pa tsinde la ubongo otchedwa raphe, ndipo ali ndi maloko a mitundu yoposa khumi. Akachuluka mwadzidzidzi, ena mwa malokowo amakweza CRH ndi ACTH, satsitsa ayi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene munthu woyamba kumwa fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo amene amachulukitsa serotonin pakati pa maselo, amatha kumva nthumanzi ndi kusowa tulo sabata yoyamba kapena yachiwiri. Phindu limadza pambuyo, maloko akasintha pang'onopang'ono ndipo ubongo wa pachipumi ndi hippocampus zikayambanso kugwira bwino. Si kuti serotonin anatha ngati mchere m'botolo ndiye tikuthiramo wina.

Nanga chotseka? Cortisol amadzitseka yekha, ndipo amachita zimenezi pawiri. Pa mphindi zochepa akafika pa maselo a CRH amawachititsa kutulutsa timadzi totchedwa endocannabinoid, timene timabwerera m'mbuyo kudutsa kampata kaja n'kukauza nsonga za glutamate kuti zileke kulavula. Kenako, pa maola angapo, amalowa m'kati mwa maselo a hypothalamus ndi pituitary n'kuchepetsa kapangidwe ka CRH ndi ACTH, uku akudzutsanso hippocampus ndi ubongo wa pachipumi kuti zigwire mabuleki. Dzina la timadzi tija lisakunyengeni kuti chamba n'chothandiza. Chamba chimasefukira maloko amenewa mu ubongo wonse nthawi imodzi, chimakweza cortisol kwa amene sanachizolowere, chimatha kuyambitsa mantha aakulu ndi misala, ndipo kwa osuta tsiku ndi tsiku malokowo amachepa.

Zoopsa zikakhala za tsiku limodzi, zonsezi zimayenda bwino. Ngongole ndi maliro si za tsiku limodzi. Kafukufuku wa pa makoswe opanikizidwa kwa masabata angapo anaonetsa kuti nsonga za glutamate ndi noradrenaline zimachuluka pa maselo a CRH, mphamvu ya GABA imachepa, maloko a cortisol mu hippocampus amachepa, ndipo nthambi za maselo a pachipumi zimafota pomwe za amygdala zimakula. Gulu lina ku Calgary, ku Canada, linapezanso kuti kupanikizika kumafooketsa kampope kotulutsa chloride m'maselo amenewa, moti GABA akatsegula kabowo kake, m'malo motontholetsa selo amatha kulidzutsa. Ndiye kuti mabuleki atha mphira. Cholimbitsa mtima n'chakuti pa makoswe opanikizidwa chotere, kupanikizako kukatha, nthambi za pachipumi ndi za hippocampus zinaphukanso m'masabata ochepa. N'chifukwa chake ndinakuuzani kuti ubongo wanu sunawonongeke.

Za 3 koloko zija zili ndi chifukwa chake. Cortisol amatsika kwambiri cha pakati pa usiku, kenako kuyambira m'ma 2 kapena 3 koloko amayamba kukwera kukonzekera kucha, n'kufika pamwamba patatha mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka. Nthawi yomweyo tulo timakhala tayamba kupepuka. Wopanda nkhawa amangotembenuka n'kugonanso, m'mawa osakumbuka. Kwa inu, mukangoti phethi, locus coeruleus wayaka, ndipo ubongo wa pachipumi umene ukanakutonthozani sunadzuke bwino. Ngongole imaoneka yaikulu usiku kuposa masana chifukwa cha zimenezi. Dziwaninso kuti kudzuka m'bandakucha tsiku ndi tsiku osagonanso ndi chizindikiro chodziwika cha matenda ovutika maganizo, ndipo ndibwereranso pa mfundoyi.

Tifike kwa mnzanu ndi alamu anu. Amakufunirani zabwino, ndipo sakunama kuti zinthuzi zimagoneka. Diazepam ndi mowa zonse zimawonjezera mphamvu ya GABA pa loko wake, ndipo mowa umatsekerezanso glutamate. Vuto ndi zimene ubongo umachita pobwezera. Ukaona kuti tsiku lililonse pali china chikuufinyira mabuleki, umachepetsa maloko a GABA n'kuchulukitsa a glutamate. Mowa wa botolo limodzi kapena awiri umatha m'magazi pa maola ochepa, ndiye womwa 9 koloko usiku amapezeka 2 kapena 3 koloko ali maso, mtima uli phaphapha, glutamate ndi noradrenaline zitabwerera ndi ukali. Mowa wambiri umakwezanso cortisol ndi BP. Diazepam salembedwa kupitirira masabata 2 mpaka 4 chifukwa thupi limamuzolowera, ndipo amakhalitsa m'magazi masiku angapo, moti m'kalasi mutu umalemera ndipo munthu amaiwalaiwala. Kuphatikiza diazepam ndi mowa ndi koopsa zedi: zimatha kuimitsa kupuma munthu ali m'tulo. Ngati mwangomwako apo ndi apo, lekani. Koma ngati mwakhala mukumwa tsiku lililonse kwa mwezi kapena kuposa, musasiye kamodzin'kamodzi, chifukwa mungathe kugwa ngati wakhunyu. Kauzeni a chipatala chilungamo chake, kuchuluka ndi nthawi, akuchepetsereni pang'onopang'ono. Chimodzimodzi munthu womwa mowa kwambiri tsiku ndi tsiku: akasiya mwadzidzidzi amatha kukomoka ndi kuphupha pakati pa maola 6 ndi 48, kapena kusokonezeka mutu tsiku lachiwiri mpaka lachinayi.

Za mabotolo a pa Facebook, ndalama zanu musatayire kumeneko. Mankhwala enieni otsitsa cortisol alipo, monga metyrapone ndi ketoconazole wakumwa, koma potsitsa cortisol amapatsidwa kwa odwala matenda a Cushing okha, amene thupi lawo limapanga cortisol wochuluka moopsa, ndipo amaperekedwa uku akuyezedwa magazi chifukwa angathe kutsitsa cortisol mpaka kuika moyo pachiswe. Musalipirenso kuti akuyezeni cortisol kamodzi pofuna kudziwa kukula kwa nkhawa yanu. Homoniyi imatuluka modumphadumpha pafupifupi ola lililonse, imasintha ndi nthawi ya tsiku, ndipo mimba kapena mapiritsi olera okhala ndi estrogen amakweza nambala yake m'magazi popanda matenda. Mwa anthu opanikizika nthawi yaitali ena amapezeka ndi cortisol wokwera, ena wabwinobwino, ena wotsika. Madokotala akakayikira Cushing amayeza mwadongosolo: munthu amamwa 1 mg ya dexamethasone, mankhwala ofanana ndi cortisol, 11 koloko usiku, m'mawa 8 koloko n'kutengedwa magazi. Kwa munthu wabwino ubongo umaona ngati cortisol wakwana ndipo umatseka, nambala n'kugwa pansi pa 50 nmol/L. Ikakana kugwa ndiye amafufuza zina.

Pamenepa pali funso limene ndimafuna aliyense wodandaula ngati inu adzifunse, chifukwa kuno kwathu cortisol wochuluka moopsa nthawi zambiri amachokera kunja kwa thupi. Kodi mukumwa prednisolone kapena dexamethasone, kaya wa mphumu, wa nyamakazi, kapena wofuna kunenepa? Kodi mumadzola mafuta oyeretsa khungu? Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi clobetasol kapena betamethasone, abale amphamvu a cortisol, ndipo amalowa m'magazi kudzera pakhungu. Zotsatira zake ndi nkhope yozungulira ngati mwezi, mimba kukula miyendo ikuwonda, mizere ikuluikulu yofiirira pamimba, khungu losachedwa kuvulala, shuga ndi BP kukwera, kusowa tulo ndi kukwiyakwiya. Ubongo ukaona mankhwalawa umaleka kutumiza CRH ndi ACTH, ma adrenal n'kufota. Amene wamwa prednisolone woposa 5 mg pa tsiku kwa masabata oposa 3 kapena 4 asasiye yekha mwadzidzidzi. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir anene kuchipatala asanapatsidwe mankhwala opopera a mphumu a fluticasone kapena budesonide, chifukwa ritonavir amaletsa chiwindi kuwaphwanya ndipo amaunjikana m'thupi. Mankhwala opha ululu a gulu la morphine, monga tramadol ndi codeine, akamwedwa miyezi yambiri nawonso amatha kufooketsa njira ya CRH.

Nanga chothandiza n'chiyani? Yambani ndi mpweya, chifukwa ndi khomo limene muli nalo m'manja mwanu. Kokani mpweya ndi mphuno masekondi 4, mimba ikufufuma, n'kuutulutsa pang'onopang'ono masekondi 6, ngati mukuuzira phala la mwana. Ndiye kuti mukupuma kasanu ndi kamodzi pa mphindi. Potulutsa mpweya, mtsempha wotchedwa vagus umalavula acetylcholine pa mtima, ndipo loko wa pamtima ndi wochedwetsa, wosiyana ndi wa mu adrenal uja. Chitani mphindi 5 mpaka 10, m'mawa ndi madzulo, ngakhale tsiku limene muli bwino. Olephera ambiri amalakwa pawiri: amangoyesa mantha atafika kale pachimake, kapena amakoka mpweya wambiri mofulumira mpaka kumva chizungulire ndi dzanzi m'zala. Chofunika ndi kuchedwa kwa mpweya, osati kuchuluka kwake.

Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo muone kuwala kwa dzuwa m'mawa, chifukwa wotchi ya mu hypothalamus imene imayendetsa cortisol imatcheredwa ndi kuwala. Idyani kanthu musanapite kusukulu, kaya mbatata kaya phala. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zikhale za m'mawa. Caffeine wa mu zakumwazi amatsekereza adenosine, timadzi tobweretsa tulo, ndipo theka lake limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Fodya amalowa pa loko yemwe uja wa acetylcholine wa mu adrenal, ndiye amakweza adrenaline ndi cortisol ngakhale wosuta amati amamukhazika mtima pansi. Yendani ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Mukadzuka usiku ndipo papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, tulukani pabedi, khalani pampando pa kuwala kochepa, foni ili kutali, mubwerere tulo tikayamba kukugwirani.

Ngongoleyo musaione ngati nkhani yapadera ndi ya ubongo. Steven Maier ndi anzake ku Colorado anaonetsa kuti makoswe awiri akalandira ululu wofanana ndendende, koma mmodzi ali ndi njira youimitsira, ubongo wa pachipumi wa amene ali ndi njirayo umatontholetsa maselo a serotonin a ku raphe, ndipo satsala ndi mantha ngati mnzakeyo. Chimene ubongo umafuna ndi pogwira. Tengani kope masana, osati usiku, mulembe ngongole iliyonse, mwini wake, chiwongoladzanja chake ndi tsiku lake. Sankhani imodzi, ndi chinthu chimodzi choti muchite sabata ino: kukhala pansi ndi akubanja la malemu, kupita ndi mboni kukakambirana za kabwezedwe, kapena kufunsa ku SACCO ngati ngongole yachiwongoladzanja chochepa ingatseke ya katapilayo. Imeneyi ndi njira yomwe amagwiritsa ntchito a Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ndi agogo ophunzitsidwa kumvetsera anthu pa benchi. Ndipo musalire nokha. Kukhala ndi anthu amene mumawakhulupirira, a kumpingo kapena achibale, kumatsitsadi mahomoniwa. Oxytocin, homoni yopangidwa mu PVN momwemo, ndi mmodzi mwa ochita zimenezi.

Komabe, mayi, kwa inu sindikuona kuti zapakhomo zokha zikwanira. Papita chaka, tulo tasokonekera, BP yakwera. Pitani kuchipatala cha boma lanu mkati mwa masabata awiri ndipo mupemphe kuonana ndi namwino kapena kiliniko ofesala wa matenda a maganizo. Adzakufunsani ngati mwataya chidwi ndi zimene munkakonda, ngati mukudya, ngati mumadziimba mlandu. Akapeza matenda ovutika maganizo angakupatseni uphungu, mwinanso fluoxetine wa 20 mg m'mawa kapena amitriptyline usiku. Mankhwalawa amayamba kuoneka ntchito yake pakapita masabata 2 mpaka 6, ndipo amamwedwabe miyezi 9 mpaka 12 munthu atapeza bwino; kusiya mwezi woyamba ndi kumene kumabweza ambiri m'mbuyo. Fluoxetine asaphatikizidwe ndi tramadol. Amitriptyline atsekeredwe kutali ndi ana, chifukwa akamwedwa wambiri amaimitsa mtima. Pofunika thandizo lapamwamba pali Zomba Mental Hospital, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre.

BP ya 150/95 isangokankhiridwa ku nkhawa. Iyezedwe masiku osiyanasiyana, mutakhala pansi mphindi 5, ndipo ikapitirira kukhala 140/90 kapena kuposa, ichiritsidwe payokha, uku mukuchepetsa mchere kuti usapose kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku. Apemphedwenso kuona zinthu zimene zimavala nkhope ya nkhawa: kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, ndi kuyandikira kusiya kusamba, kumene kumabweretsa kutentha ndi thukuta usiku ngakhale pa zaka zanuzo. Thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa, kutentha thupi kapena kuwonda, yezetsani TB ndi HIV. Salbutamol wa mphumu amagunditsa mtima, ndipo dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, amasowetsa tulo anthu ena, amene nthawi zambiri amathandizika akamamwa m'mawa. Mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi thukuta, mtima kuthamanga ndi BP yokwera kwambiri, n'kumabwerezabwereza, umafuna kufufuza chotupa cha mu adrenal, ngakhale n'chosowa.

Pali zina zosadikira m'mawa. Kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kubanika, kukomoka, kupindika pakamwa kapena kufooka mbali imodzi, thamangani kuchipatala. Kufooka kwambiri, kusanza, chizungulire poimirira, kulakalaka mchere ndi kuda kwa nkhama kapena mizere ya m'zikhatho, makamaka kwa amene wasiya prednisolone kapena ali pa mankhwala a TB, kungakhale kuchepa kwa cortisol, ndipo kumafuna jakisoni wa hydrocortisone wa 100 mg ndi madzi a diripi mwamsanga. Ndipo maganizo oti bola kutsatira bambo akakufikirani, ngakhale kamodzi, uzani munthu tsiku lomwelo, mupatseni asunge mapiritsi onse ndi mankhwala a makoswe kapena a mbewu amene ali m'nyumba, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Maganizo amenewo ndi mbali ya matendawa, ndipo amachoka munthu akathandizidwa.

Popita, tengani buku lanu la kuchipatala ndi jumbo imodzi yokhala ndi chilichonse chimene mumamwa kapena kudzola: timapiritsi ta mnzanu tija, mafuta a pankhope, mankhwala azitsamba, ngakhale mapaketi opanda kanthu. Kwa sabata imodzi musanapite, lembani kumbuyo kwa kope nthawi imene mwagona, imene mwadzidzimuka, makapu a tiyi amene mwamwa, ndi masiku amene munamwa diazepam.